Kakompyuta Kokwana M'dzanja ndi Makompyuta Akale: Tisankhe Ziti?

Ambiri a ife tinalowapo m'chipinda chotere. Pachitseko palembedwa kuti ndi labu ya makompyuta, koma mukatsegula mumapeza mabokosi otuwa ataunjikidwa pakona, fumbi lili mbuu, akangaude atalukira nyumba zawo pa zingwe. Tsiku limene makompyutawo ankafika panali nthungululu ndi zolankhula za alendo olemekezeka. Patangopita zaka ziwiri, atatu okha mwa 20 ndi amene ankayaka, ndipo ana amene makolo awo anaumba njerwa za chipindacho anamaliza Fomu 4 akuphunzira kompyuta pabolodi ndi choko.

Masiku ano kwabwera timakompyuta tating'ono, tofanana kukula ndi khadi la kubanki, ndipo ena akuti timeneti tithetsa vutoli. Ena akuti ayi, ndi bwino kugula makompyuta a kaunjika ochokera m'maofesi a kunja chifukwa ndi olimba ndipo anthu anawazolowera. Funsoli litipeza posachedwapa. Ena a ife tikhala aphunzitsi, ena anamwino, ena owerengera ndalama, ndipo ambiri tidzakhala m'makomiti a sukulu ndi a mpingo. Tsiku lina wapampando adzatembenukira kwa ife n'kunena kuti, "Inu munapita kukoleji, tiuzeni tigule ziti." Ndalama zimene zidzakhale patebulopo ndi thukuta la anthu. M'phunziro lino tiyerekezera mitundu iwiriyi kuti tsikulo tisadzayankhe mongolota.

Kumene kakompyutaka kanachokera

Pali timakompyuta tambiri ta mtundu umenewu, monga BeagleBone, Orange Pi ndi Odroid, koma kotchuka koposa ndi Raspberry Pi, ndipo ndi kamene tikagwiritse ntchito ngati chitsanzo. Nkhani yake inayambira ku yunivesite ya Cambridge ku England cha m'ma 2006. Eben Upton ndi anzake anaona kuti achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta akuchepa, ndipo amene ankabwerawo sankadziwa kulemba mapulogalamu ngati mmene ankachitira a m'zaka za m'ma 1980. Ana a nthawi imeneyo anakula ndi makompyuta monga BBC Micro, imene kampani ya Acorn inatulutsa mu 1981. Ukangoiyatsa inkadikira kuti uilembere malangizo, choncho mwana ankaphunzira posewera nayo. Makompyuta am'nyumba atakwera mtengo n'kuyamba kusunga zinthu zofunika za banja, makolo anasiya kulola ana kuti aziwatokosa.

Upton ndi anzake anaganiza zopanga kompyuta yotchipa kwambiri, yoti mwana akaiwononga pasakhale maliro. Anakhazikitsa bungwe la Raspberry Pi Foundation, ndipo pa 29 February 2012 anayamba kugulitsa Raspberry Pi yoyamba pa mtengo wa madola 35 a ku America. Kabolodi kake n'kotalika mamilimita 85, m'lifupi 56. Gulu loyamba linali la timabolodi 10,000, koma pasanathe chaka n'komwe anali atagulitsa pafupifupi miliyoni imodzi. Pofika 2024 anali atagulitsa toposa 60 miliyoni, ndipo tambiri timapangidwira kufakitale ya Sony ku Pencoed, m'dziko la Wales.

Tisaiwale chiyambi chimenechi. Kakompyutaka kanapangidwa kuti kakhale kophunzirira, osati kuti kalowe m'malo mwa kompyuta ya muofesi. Kuti lero kakutha ntchito zina za muofesi, n'chifukwa chakuti kakhala kakukula mphamvu chaka ndi chaka.

Ziwalo zitatu zoyenera kuzidziwa

Kompyuta iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, ili ndi ziwalo zitatu zimene tiyenera kuzimvetsa tisanayerekezere. Tiganizire za ntchito yokonola chimanga. Nkhokwe ndi mosungira chimanga chonse. M'kompyuta nkhokweyo ndi hard disk, SSD kapena khadi la microSD. Mphasa imene tathirapo chimanga choti tikonole lero ndi RAM. Ikakhala yaing'ono, timangoyenda ulendo wa kunkhokwe pafupipafupi, ntchito n'kumachedwa. Munthu amene wagwira munsi pamtondo ndiye pulosesa.

M'kompyuta ya patebulo ziwalozi n'zopatukana. Pulosesa ili payokha, RAM ili pa timitengo tozula ndi kubwezera, hard disk yamangidwa pambali ndi zingwe zake, ndipo pali bokosi lina losandutsa magetsi a pakhoma kuti akhale oyenera ziwalozo. Pa Raspberry Pi pafupifupi zonse zinamatidwa pa kabolodi kamodzi. Pulosesa ndi gawo loonetsa zithunzi zili m'kachipangizo kamodzi kopangidwa ndi kampani ya Broadcom, RAM inawotchereredwa pomwepo, ndipo nkhokwe yake ndi kakhadi konga ka mufoni. Ubwino ndi kuipa konse kumene tikambe kukuchokera pa kusiyana kumeneku.

Nambala yaikulu si liwiro

Ogulitsa amakonda kutchula GHz, ndipo ambiri timaganiza kuti nambala ikakula ndiye kuti kompyuta ndi yothamanga. GHz imangotiuza kuti munsi ukugwa kangati pa sekondi. 1 GHz ndi maulendo 1 biliyoni. Siitiuza kulemera kwa munsiwo, kapena kuti pabwalopo pali mitondo ingati. Mwana wosinja mofulumira ndi kamunsi kopepuka angathe kutsalira kwa mayi amene akusinja mofatsa ndi munsi wolemera. Ndipo amayi anayi pa mitondo inayi amamaliza thumba msanga kuposa mmodzi. Mitondo imeneyi m'kompyuta imatchedwa ma core.

Mbiri ya kampani ya Intel ikutsimikizira zimenezi. Pentium 4, imene inatuluka mu 2000, inakwera mpaka 3.8 GHz. Koma mu 2006 kutabwera Core 2 Duo, ya 2.4 GHz yokha inkaposa ma Pentium onse a manambala akuluakuluwo, chifukwa inkagwira ntchito yambiri pa kugunda kulikonse.

Tsopano tiike mibadwo ya Raspberry Pi pambali pa makompyuta akale. Yoyamba ija ya 2012 inali ndi core imodzi ya 700 MHz ndi RAM ya 256 MB. Eni ake ananena poyera kuti pa ntchito wamba inkafanana ndi Pentium II ya 300 MHz, kompyuta ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kutsegula nayo intaneti kunali kofuna mtima wautali. Chodabwitsa n'chakuti inkaonetsa mafilimu a zithunzi zowala a 1080p bwinobwino, pamene Pentium 4 inkachita chibwibwi pa mafilimu omwewo. Chinsinsi chinali chakuti m'kachipangizo kake munali gawo lapadera lopangidwira ntchito imeneyo basi. Apa tikuphunzirapo kuti funso lakuti "yothamanga ndi iti" silikwanira. Tiyenera kufunsa kuti yothamanga pa ntchito yanji.

Raspberry Pi 2 ya 2015 inabwera ndi ma core anayi ndi RAM ya 1 GB. Raspberry Pi 3 ya 2016 inawonjezera Wi-Fi ndi Bluetooth. Raspberry Pi 4 ya 2019, ya ma core anayi a 1.5 GHz, ndi imene inayamba kukhala kompyuta yoti munthu n'kulembera kalata, kuwerengera ndalama ndi kufufuza pa intaneti osapsa mtima. Mu 2020 inatulukanso ya RAM ya 8 GB. Pa ntchito zambiri imaisiya kutali Pentium 4, ndipo imayenda phewa ndi phewa ndi ma Core 2 Duo. Raspberry Pi 5 ya 2023, ya 2.4 GHz, imathamanga kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa ya 4, ndipo ili m'gulu limodzi ndi makompyuta a Core i5 a cha m'ma 2011. Koma ma Core i5 a zaka zotsatira, amene adzaza m'mashopu a makompyuta a kaunjika m'mabokosi a Dell OptiPlex ndi HP, ambiri amaiposabe. Amati tsobola wakale sawawa, koma pa makompyuta mwambiwu sugwira nthawi zonse. Zimadalira kuti wakaleyo ndi wa chaka chiti.

N'chifukwa chiyani kakang'ono kakutha zimenezi?

Pulosesa ndi mulu wa timaswitchi tosaoneka ndi maso totchedwa transistor. Mu 1965 Gordon Moore, amene pambuyo pake anakhala mmodzi mwa oyambitsa Intel, anaona kuti chiwerengero cha timaswitchi tokwana pa kachipangizo kamodzi chikuwirikiza kawiri pa nthawi yochepa. Kaswitchi kakachepa, kamafuna magetsi ochepa kuti katseguke ndi kutsekeka, ndipo katulutsa kutentha kochepa. Mibadwo ya kapangidweka imatchulidwa ndi manambala a nanometer, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti timaswitchi tikupanikizana kwambiri. Pentium 4 ya 2004 inali ya 90, Core 2 Duo ya 2006 inali ya 65, Core i5 ya 2011 inali ya 32, Raspberry Pi 4 ndi ya 28, ndipo Raspberry Pi 5 ndi ya 16.

Chifukwa chachiwiri ndi mtundu wa pulosesa. Makompyuta a patebulo amagwiritsa ntchito mtundu wotchedwa x86, umene unafala kuchokera pa IBM PC ya 1981. Raspberry Pi imagwiritsa ntchito ARM, mtundu umene Sophie Wilson ndi Steve Furber anakonza ku Acorn, kampani yomwe ija ya BBC Micro, ndipo yoyamba inagwira ntchito mu 1985. Anaipanga yosavuta, ya malangizo ochepa, ndipo zotsatira zake zinali zakuti inkadya magetsi ochepa zedi. N'chifukwa chake pafupifupi foni iliyonse imene ili m'matumba mwathumu ili ndi pulosesa ya ARM. Tinganene kuti Raspberry Pi ndi msuweni wa foni amene wapatsidwa mabowo olumikizira sikirini ndi kiyibodi.

Nkhani yaikulu ndi magetsi

Kwathu kuno apa ndi pamene pagona nkhani. Pulosesa yokha ya Pentium 4 yamphamvu kwambiri inkafika mawati 115. Ya Core 2 Duo inali ya mawati 65, ndipo Core i5 ya 2011 inali ya mawati 95 ikamagwira ntchito yolemetsa. Pamenepo sitinawerengere hard disk, mafani ndi sikirini; sikirini zakale zija za chimbuyo chachikulu zinkadya pafupifupi mawati 70 mpaka 100 pazokha. Raspberry Pi 4 yonse imadya mawati pafupifupi 3 ikakhala chete, ndipo 6 kapena 7 ikapanikizika. Babu limodzi la LED la m'chipinda chathu chogona limadya chimodzimodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, pogwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza koma osatalikira zenizeni. Titenge labu ya makompyuta 20 yogwira ntchito maola 6 pa tsiku. Tinene kuti Pentium 4 ndi sikirini yake yachimbuyo ikudya mawati 200, Core 2 Duo ndi sikirini yopyapyala ikudya 100, ndipo Raspberry Pi 4 ndi sikirini yopyapyala yomweyo ikudya 25. Yuniti imodzi ya magetsi imene timagula ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Labu yoyamba ikufuna mawati 4,000, ndiye kuti mayunitsi 24 pa tsiku. Yachiwiri ikufuna mayunitsi 12. Yachitatu ikufuna 3 okha. Pa masiku 200 a sukulu, ndi mayunitsi 4,800, 2,400 ndi 600. Aliyense achulukitse ndi mtengo wa yuniti wa lero, aone yekha kuti mphatso ya makompyuta aulere ingathe kudya ndalama zingati pa chaka. Walira mvula walira matope.

Onaninso kuti pa mawati 25 aja, ambiri akupita ku sikirini osati ku kakompyuta. Choncho wofuna kupulumutsa magetsi asamale posankha sikirini.

Kumene kulibe magetsi a pakhoma, kapena kumene amathimathima, kusiyanaku kumakula. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira mphepo yamkuntho ya Ana mu January 2022, itawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Batire la sola la mavoti 12 ndi 100 Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma batire la mtovu siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati tikufuna likhalitse, choncho tili ndi 600. Pentium 4 ija ilimaliza m'maola 3, Core 2 Duo m'maola 6, pamene Raspberry Pi ndi sikirini yake itha maola 24. Kuwonjezera apo, kompyuta ya patebulo imafuna inveta, imene imadyako gawo lake la mphamvu. Raspberry Pi imayendera mavoti 5, choncho ingatenge magetsi kuchokera kubatire kudzera pa kachipangizo kotsitsa mphamvu, konga kotchajira foni m'galimoto, bola kakhale kolimba mokwanira.

Mtengo umene sulembedwa pa chikwangwani

Tikamva madola 35 timadumpha ndi chimwemwe, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengowo ndi wa kabolodi kokha, kopanda chovala. Kuti kakhale kompyuta pafunika tchaja yoyenera, khadi la microSD, kabokosi kotetezera, chingwe cha sikirini, kiyibodi, mausi ndi sikiriniyo. Raspberry Pi 4 imafuna tchaja ya mavoti 5 ndi 3 A; tchaja yofooka ya foni imachititsa kuti izichedwa kapena kuzima yokha. Mabowo ake a sikirini ndi a micro HDMI, pamene sikirini zambiri zakale zili ndi pulagi yabuluu ija ya VGA, ndiye pafunikanso kachipangizo kolumikizira ziwirizi. Raspberry Pi 5 inayamba kugulitsidwa pa madola 60 ya 4 GB ndi madola 80 ya 8 GB, ndipo imatentha mokwanira kufuna kafani kake. Pamitengo yonseyi tiwonjezepo kunyamula, msonkho ndi kuvuta kwa ndalama zakunja. Pakati pa 2021 ndi 2023 timabolodi timeneti tinasowa padziko lonse chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo, ndipo amene anali nato ankagulitsa pa mitengo yokwera kwambiri.

Tikaphatikiza zonse, si zachilendo kupeza kuti Core i5 ya kaunjika, imene yabwera kale ndi bokosi, hard disk ndi zingwe zake, ikufanana mtengo ndi Raspberry Pi yokwanira bwino. Ndiye pogula tisayerekezere kabolodi ndi kompyuta yathunthu. Tilembe zonse zofunika kuti wophunzira akhale pansi n'kuyamba ntchito, kenako tiwonjezere magetsi a zaka zitatu kapena zisanu.

Pali mtundu wina wothandiza m'kalasi, Raspberry Pi 400 ya 2020, imene kompyuta yonse inaikidwa m'kati mwa kiyibodi ndipo inkagulitsidwa madola 70. Kumapeto ena kuli Raspberry Pi Zero ya 2015, ya madola 5, imene inaperekedwa ngati mphatso yomatidwa pachikuto cha magazini ya The MagPi. Imeneyi si yolembera makalata. Ndi yoika m'kati mwa zipangizo zina.

Chinenero cha mapulogalamu

Ambiri amagwa apa. Pulogalamu yolembedwera x86 siyenda pa ARM mwachindunji, monga mmene kalata ya Chitumbuka singawerengedwe ndi munthu wodziwa Chiyao chokha popanda womasulira. Raspberry Pi imayendera Raspberry Pi OS, mtundu wa Linux wochokera ku Debian. Muli LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, Chromium ndi Firefox zofufuzira pa intaneti, Python ndi Scratch zophunzirira kulemba mapulogalamu, ndipo zonsezi n'zaulere. Koma Microsoft Office ya pa Windows, mapulogalamu ambiri owerengera ndalama za kampani, ndi SPSS imene ambiri timagwiritsa ntchito pa kafukufuku wa chaka chomaliza, sizinapangidwire kabolodika. Zilipo zolowa m'malo, monga R ndi PSPP, koma ngati ofesi kapena mayeso akufuna pulogalamu inayake ndendende, tifunse tisanagule. Makina ena osindikizira nawonso amavuta kulumikiza. Safunsa anadya phula.

Makompyuta akale nawo ali ndi vuto lawo. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndipo tsiku lomaliza la Windows 10 linaikidwa pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna mapulosesa a Intel a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kutanthauza a kuyambira 2017. Kompyuta yoyendera Windows yosasamalidwa ili ngati nyumba yopanda loko: mavairasi oyenda pa mafulashi amalowa mmene afunira. Njira yabwino yopulumutsira kompyuta yakale ndi kuiikira Linux, monga Linux Mint kapena Lubuntu. Choncho mbali zonse ziwiri zikutitengera kumalo amodzi, ndipo wophunzira amene wadziwa Linux lero sadzasowa chochita.

Zikawonongeka

Kompyuta ya patebulo ili ndi adani atatu: fumbi, kutentha ndi magetsi odumphadumpha. Mafani ake amakoka fumbi la mu October n'kulidzaza m'kati mpaka pulosesa kulephera kupuma. Hard disk ili ndi mbale zozungulira zimene zimatha ndi ukalamba. Makompyuta ambiri a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anali ndi timigolo tosungira magetsi, totchedwa capacitor, timene tinkatupa n'kutayikira. Koma ubwino wake ndi wakuti chiwalo chimodzi chikafa timachotsa n'kuikapo china. Pa makompyuta atatu akufa tingathe kupanga imodzi yamoyo. Tingawonjezere RAM, ndipo kuchotsa hard disk n'kuikapo SSD kumaisandutsa ngati yatsopano. Amisiri odziwa ntchito imeneyi aliponso ambiri m'matauni mwathu.

Raspberry Pi 4 ilibe chiwalo chozungulira pokhapokha titaiikira fani, choncho fumbi silivutitsa kwambiri. Kufooka kwake kuli pa khadi la microSD. Magetsi akazima pamene kompyuta ikulemba pakhadipo, zolembedwazo zingasokonezeke mpaka kukana kuyaka. Mankhwala ake ndi kuiyendetsa pa batire, kuizimitsa mwadongosolo, kugula makhadi enieni osati achinyengo, ndi kusunga khadi lina lokopera zonse m'kabati. Likafa limodzi, timangolowetsa linalo, kalasi n'kupitirira. Ingathenso kuyendera pa SSD yolumikizidwa pa USB. RAM yake siwonjezereka, ndiye imene tagula ndi yomweyo mpaka kalekale. Kabolodi kakapsa, kawirikawiri sikakonzeka, timagula kena. Mitundu yonse kufikira ya 4 ilibe wotchi ya batire, choncho popanda intaneti imaiwala tsiku ndi nthawi ikazimitsidwa, chinthu chofunika kuchidziwa kwa wosunga kaundula wa odwala kapena wa ndalama. Pomaliza, kanthu kolowa m'thumba la malaya n'kosavuta kuba. Tikamange kumbuyo kwa sikirini kapena m'bokosi lokhoma.

Ntchito zimene kakang'ono kamaposa

Pali ntchito ziwiri zimene kompyuta yakale singapikisane nako. Yoyamba ndi kukhala laibulale yosafuna intaneti. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia yonse pa khadi kapena pa SSD. Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imasunga maphunziro ndi mavidiyo, ndipo bungwe la World Possible linakonza RACHEL ndi cholinga chomwecho. Raspberry Pi imodzi yoikidwa pamwamba pa kabati imatulutsa Wi-Fi yakeyake, ophunzira n'kumawerenga pa mafoni awo osagula bandulo. Ingayake usana ndi usiku pa sola yaing'ono. Kompyuta ya patebulo ingachite zomwezo, koma ingadye magetsi owirikiza kakhumi kapena kuposa.

Yachiwiri ndi kulamulira zinthu zenizeni. M'mphepete mwa kabolodika muli timapini 40 tolumikizira mawaya. Wophunzira angalumikizepo kachipangizo koyeza kutentha kuti kazilemba mmene firiji ya katemera ikuzizirira, kapena kuyang'anira makina oswetsera mazira. Angakonze zoti pampu iziyaka yokha madzi akatsika m'thanki, kapena belu la sukulu lizilira pa nthawi yake. Tisamale chabe kuti timapiniti timayendera mavoti 3.3, ndipo kulumikiza molakwika kumapsereza kabolodi nthawi yomweyo. Mu 2015 timakompyuta tiwiri totere, totchedwa Astro Pi, tinatumizidwa ku International Space Station, kumene Tim Peake anayendetsa mapulogalamu olembedwa ndi ana a sukulu a ku Britain. Chimene ana amenewo anagwiritsa ntchito n'chomwecho chimene ife tingagule.

Nanga zakalezo tizitaye?

Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linasonyeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Galasi la sikirini zachimbuyo lili ndi mtovu, ndipo utsi wa mawaya otenthedwa pofuna kopa ndi poizoni kwa ana amene amasewera pafupi ndi dzala. Kupanga kompyuta yatsopano kumadyanso miyala ya m'migodi, madzi ndi magetsi ambiri. Choncho kutaya Core i5 yamoyo kuti tigule kabolodi katsopano chifukwa choti ndi kamakono si nzeru. Komanso kulandira lole ya ma Pentium 4 sikuthandiza. Nthawi zambiri kumakhala kulandira dzala la munthu wina. Tili ndi ufulu wothokoza mwaulemu n'kufunsa chaka cha makompyutawo tisanavomere.

Tisankhe bwanji?

Tiyambe ndi ntchito, osati ndi chipangizo. Ngati pamalopo pali magetsi odalirika, ndipo ntchito ikufuna mapulogalamu a Windows kapena kukonza mavidiyo, Core i5 ya kaunjika yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi SSD ndi yabwino. Ngati tikudalira sola kapena batire, kapena tikufuna kuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu, kapena chipangizocho chiziyaka usana ndi usiku, Raspberry Pi 4 kapena 5 ndi imene ikuyenera. Ngati tili kale ndi ma Core 2 Duo amoyo, tiwapukute fumbi, tiwaikire SSD ndi Linux, atumikire mpaka atatopa. Pentium 4 ndi sikirini yachimbuyo zikhale zophunzirira kumasula ndi kumanga, osati zoyatsa tsiku lonse. Nthawi zambiri yankho labwino ndi kusakaniza: sikirini, makiyibodi ndi mausi a makompyuta akufa aja a pakona angalumikizidwe ku timabolodi tatsopano, mtengo n'kutsika kwambiri.

Ndipo pa bajeti iliyonse pakhale dzina la munthu amene adzasamalire zipangizozo, ndi ndalama zomuphunzitsira. Labu ya fumbi ija sinafe chifukwa chakuti makompyuta anali akale chabe. Inafa chifukwa tsiku limene yoyamba inakana kuyaka, panalibe amene ankadziwa kutsegula bokosi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chimene pulosesa ya 2.4 GHz ingapose ya 3.8 GHz.

2. Chipatala chaching'ono chili ndi mabatire awiri a mavoti 12 ndi 100 Ah. Chikufuna makompyuta atatu oyaka maola 8 pa tsiku. Pogwiritsa ntchito manambala a m'phunziroli, ndi mtundu uti umene mabatirewo angakwanitse tsiku lonse dzuwa litabisika?

3. Lembani zinthu zonse zimene mungafunike kugula kuti Raspberry Pi 4 igwire ntchito ndi sikirini yakale ya VGA.

4. Munthu wakufuna kwabwino walonjeza sukulu yanu makompyuta 30 aulere. Ndi mafunso asanu ati amene mungamufunse musanavomere, ndipo mungawafunse bwanji kuti asakhumudwe?

5. Sabata ino pezani kompyuta imodzi yosagwira ntchito pafupi nanu. Mutapempha chilolezo kwa eni ake ndi kuizula kumagetsi, itseguleni, mupeze pulosesa, RAM ndi hard disk, ndipo mulembe ziwalo zimene zingagwirenso ntchito.